Uthenga wa Mchere

Ndinagwira ntchito ya umesenjala pa Boma zaka zambiri, ndipo palibe angaime n'kunena kuti ndinasinthapo mawu a munthu. Akandituma ndinkapita, kunena zomwe andituma, n'kubwerera. Sindinkawonjezera, sindinkachotsera. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma a mapepala awo ankadalira ine. Nditapuma ndinabwerera kumudzi kwathu, cha ku Manyamula, kukalima chimanga ndi mtedza. Kutchalitchi kwathu abusa amabwera mwa apo ndi apo. Akapanda kubwera, wowerenga mawu ndinali ine.

Mkazi wanga anali atamwalira. Mwana wanga wamwamuna anali ku Joni, chaka chachinayi osabwera, ngakhale foni ankaimba. Anasiya mkazi ndi ana awiri aakazi m'nyumba imene ili kuseri kwa khola langa. Mkazi wa mwana wako kuno timati mkamwana. Wangayu kwawo ndi ku Champhira. Tinamulowola mwadongosolo, ng'ombe zinapita masana anthu akuona.

Kwathu kuno mwamuna salankhula ndi mkamwana wake maso ndi maso. Mukakumana panjira iye amapatuka n'kugwada, inu n'kudutsa mukuyang'ana kwina. Si chidani, ndi ulemu. Mawu amadutsa mwa apongozi aakazi. Mkazi wanga ali moyo ndinkauza iye, iye n'kukauza mkamwana, yankho n'kubwera njira yomweyo. Atamwalira njirayo inatsekeka, ndipo sindinaganize zotsegula ina. Panalibenso zambiri zoti tikambe. Mkamwana ankaphika, kuika mbale pakhonde panga, kuomba m'manja pang'ono kuti ndidziwe, n'kuchoka. Ndikatha kudya ndinkasiya mbalezo pomwepo. Tinakhala choncho zaka ziwiri popanda cholakwika.

Chaka chimene ndikunenachi, chimanga chitayamba kuuma m'munda, mutu unayamba kundivuta. Mapazi ankatupa mpaka nsapato kukana, ndinayamba kuyenda ndi patapata. Tsiku lina ndinakwera galimoto ya ku Boma, n'kuuza anthu kuti ndikukagula mankhwala a ng'ombe. Kuchipatala namwino anandimanga chopopa chija pamkono, anayang'ana, anabwerezanso, kenako anafunsa ngati ndabwera ndekha. Anati magazi anga akuthamanga kwambiri. Anandipatsa mapiritsi oti ndizimwa tsiku lililonse, n'kundiuza kuti mchere ndiusiye. Zonsezi analemba m'kabuku kanga ka chipatala. Kabukuko ndinakaika m'thumba la mkati la jekete, jeketeyo n'kuipachika kuchipinda.

Sindinauze munthu. Ndinali nditaona zimene zimachitikira anzanga akadziwika kuti ali ndi matenda amenewa. Ana amawalanda khasu m'manja. Akaima kuti alankhule pa mlandu, wina amati khalani pansi adada, mungagwe. Posakhalitsa anthu amayamba kuwadumpha. Ine sindinafune zimenezo.

Koma ndiwo za mkamwana zinali za mchere wokwana, monga ndinkazikondera. Ndinaitana mlamu wanga, mkazi wa malemu mng'ono wanga, amene amakhala tsidya la msewu.

"Kauzeni mkamwana kuti m'ndiwo zanga asamathiremo mchere."

Anandiyang'ana kumaso, kenako kumapazi. Anafunsa ngati uthenga wake ndi wokhawo. Ndinati ndi wokhawo. Atafunsa chifukwa, ndinamuuza kuti ndamutuma kukanena, osati kudzandifunsa mafunso.

Ndine wobadwira konkuno, ndiye sindinganame kuti sindinkadziwa. Tinakula tikumva kuti mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, wodya ndiwozo amatupa n'kuyamba kudwala. Ine monga munthu wa tchalitchi ndinali nditasiya kalekale kuziwerengera zimenezo, ndipo tsiku limenelo m'mutu mwanga munali mawu a namwino okha. Koma mudzi sunasiye. Mudzi unaona mkulu wotupa mapazi, wokana mchere wa mkamwana amene mwamuna wake ali ku Joni. Mlamu anakamupeza mkamwana pamjigo, pali amayi ena, n'kunena uthengawo ndendende monga ndinamutumira.

Mawa lake ndiwo zinabwera zopanda mchere, ine n'kuona kuti zinthu zayenda. Kuomba m'manja kuja kunaleka, koma sindinakuikire kumtima. Lamulungu mkamwana sanaoneke kumbali ya amayi. Lamulungu lotsatira chimodzimodzi. Ndinangoti mwina ndi malungo. Anthu anayamba kundipatsa moni wautali, wachisoni, ngati wa pamaliro, ine n'kumayankha mwachidule.

Sabata yachitatu, m'mawa wina, mbale anabweretsa ndi mlamu. Anagwada patali n'kunena kuti mkamwana wapita kwawo ku Champhira. Ana wawasiya, chifukwa ana ndi apano. Makiyi a nyumba wawapereka kwa iye. Tsiku lomwelo masana mwana wanga anaimba foni, osapereka n'komwe moni, n'kundifunsa kuti mwamunayo ndi ndani. Ndinati mwamuna uti. Anati ndisamubisire, anthu akwathu onse amene ali kumeneko akudziwa kuti bambo ake akudwala chifukwa cha mkazi wake. Ndinadula foni.

Apo m'pamene ndinamvetsa. Komabe ndinakhala masiku awiri osachita kanthu. Ndinkadziuza kuti ine sindinanamizire munthu. Mawu anga anali ochepa ndi oona. Zimene amayi anena pamjigo ndi zawo. Adzukulu anga ankagona kwa mlamu, wamng'onoyo akulira amayi ake, ndipo kulirako kunkamveka mpaka pakhonde panga.

Tsiku lachitatu kunabwera Amayi. Ali ndi dzina, koma mumpingo mwathu tonse timangoti Amayi. Kwawo ndi ku Dedza. Anabwera kuno ali mtsikana kudzagwira ntchito ya uzamba, anakwatiwa konkuno, amuna awo atamwalira sanabwererenso. Ana ambiri a m'midzi ino anabadwira m'manja mwawo, anga omwe. Alibe udindo wolembedwa, sakhala nawo pa msonkhano wa akulu a mpingo, koma m'busa aliyense watsopano amayamba wakakhala pakhonde pawo. Chitumbuka chinawakanika mpaka lero. Akati yewo chomene anthu amaseka, iwonso n'kuseka nawo. Ine sindinkawakonda kwenikweni. Ndinkaona kuti amalowerera zambiri, ndipo ndinanenapo pa msonkhano kuti za amayi zizithera kwa amayi.

Anafika pa kabaza chifukwa bondo limawavuta. Mpando anaukana, anayala chitenje pakhonde n'kutambalala. Anafunsa za ng'ombe, za mtedza, za msewu umene mvula inaukumba. Kenako anandiuza kuti ndiwapatse phazi. Ndisanaganize zokana, anali atadinda chala chawo chachikulu pamwamba pa kakolo. Atachotsa, dzenje linatsala.

"Kabuku kali kuti, adada?"

Ndinafunsa kabuku kanji. Anati mapazi otere awagwira kuyambira ine ndikupalasa njinga ya boma ndi kabudula wa khaki, ndiye ndisawatayitse nthawi. Ndinalowa n'kukakatenga. Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, anawerenga, n'kufunsa ngati mapiritsi ndikumwa. Ndinati ndimamwa mutu ukapweteka. Anandikalipira ngati mwana wa sitandade wani. Atatha anatseka kabukuko n'kukagwira pamwendo.

"Ndiye mwana wa eni wapita kwawo ndi mbiri ya uhule, kuti inu anthu asadziwe kuti mumamwa mapiritsi."

Ndinayankha kuti ine sindinatchule uhule. Ndinati zaka zonse za ntchito yanga sindinaimbidwepo mlandu pa mawu amene ena awonjezera. Iwo anati palibe wawonjezera kanthu. Mlamu ananena zimene ndinanena, ndipo vuto lake ndi lomwelo, chifukwa wochotsera ndinali ine mwini uthenga usananyamuke. Ndikanangoti a kuchipatala andiletsa, mtsikanayo bwenzi ali kumunda.

Mkwiyo unandigwira. Ndinati mwambo sundilola kulankhula ndi mkamwana, ndipo nkhani za pakhomo pa mwamuna amakonza ndi amuna. Kuti ndiwatseke pakamwa ndinatengera za m'Buku. Ndinati ngakhale mayi wa Ambuye, mwana wake atakwera kumwamba, timangomva kuti anali nawo m'nyumba muja akupemphera, sitimva kuti analankhulapo kapena kulangiza munthu. Ndime imeneyo ndaiwerenga pamaso pa mpingo kangapo.

Amayi anaseka pang'ono. Anati wolembayo anali mwamuna ngati ine, analemba zimene zinanenedwa pabwalo. Anandiuza kuti ndiiganizire nyumba ija: yodzaza amuna amene anathawa tsiku loopsa, wina anachita kumukana Ambuye, onse manyazi ali m'maso. Amene sanathawe, mayi uja, anali pomwepo pakati pawo. Nanga wokana uja akanakaulula kwa ndani, kwa anzake othawa? Ndipo pamene kunabuka dandaulo loti amasiye ena sakulandira chakudya, ine ndikuganiza kuti amuna aja anazitulukira okha? Anati umboni alibe, Buku silinena, ndipo ndisakaime kutsogolo n'kumati Amayi atero.

"Koma ine ndalowa m'nyumba zambiri, adada. Sindingakhulupirire kuti munthu amene anamulera Ambuye anangokhala phee n'kumaonerera anyamata aja akulakwitsa. Sanaime pa guwa, chabwino. Anawaitanira kuseri."

Ndinali ndisanaiganizirepo nyumba ija ngati nyumba yokhalamo anthu, yoti wina aphike, wina akwiye.

Kenako ananena zoti tichite. Mwambo sitiuphwanya, anatero. Ine ndilankhula kwa iwo, mkamwana azimva, monga zinkakhalira mkazi wanga ali moyo. Koma tipite ku Champhira mawa lomwe, ndi kabukuko. Ndipo Lamulungu ndikanene pamaso pa mpingo. Loyambalo ndinavomera. Lachiwirilo ndinakana. Ndinati matenda anga si chilengezo. Iwo anangoti tiyambe ndi ulendo.

Tinanyamuka m'mawa, kudzera pa Boma, n'kukwera minibasi yolowera kummwera. Pa siteji ndinaitana wogulitsa mtedza wokazinga, Amayi n'kumubweza, akuti adadawa wothira mchere sadya. Ananena mokweza, minibasi yonse inamva. Ndinayang'ana pawindo mpaka tinafika.

Bambo ake a mkamwana anatilandira mozizira. Tinkadziwana bwino, tinadyerapo limodzi pa ukwati ndi pamaliro a mkazi wanga, koma tsiku limenelo anandipatsa mpando ngati mlendo wodzafunsa njira. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Mayi ake anakhala pamphasa. Mkamwana anatuluka pomaliza, anakhala kumbuyo kwa Amayi atatembenukira kumbali, mpango ataukokera kumaso. Anali ataonda.

Ndinayang'ana Amayi n'kunena:

"Amama, ndikudwala. Magazi akuthamanga. A kuchipatala anandiletsa mchere, kabuku ndi aka. Mwana uyu sanandilakwire chilichonse, ndipo sindinamuganizirepo choipa. Ndinabisa matenda, mbwenu. Cholakwa ndi changa."

Amayi anatembenuka n'kubwereza zonsezo m'Chitumbuka chawo chothyokathyoka, ngakhale aliyense anali atamva kale. Bambo aja anatenga kabuku, anakawerenga nthawi yaitali, n'kupatsira mkazi wawo. Ananena kuti mwana wawo anafika usana wina osadya, osalankhula, ndipo iwo anamufunsa mafunso amene bambo sayenera kufunsa mwana wake. Anati zimenezo nawonso ziwawawa mpaka kalekale. Ndinavomera kuti ndamva.

Ndinkayesa kuti zatha. Koma mkamwana anayandikira khutu la Amayi n'kulankhula motsitsa, nthawi ndithu. Amayi anamvetsera, kenako ananditembenukira.

"Akuti yewo, wamva. Koma akuti mawu aja ananenedwa pamjigo, pagulu, ndipo afika mpaka ku Joni. Pano tilipo anthu asanu. Akafika kumudzi azikatunga madzi kuti?"

Ndinayang'ana Amayi, iwo n'kumapukuta magalasi awo. Pobwerera m'minibasi ndinawafunsa ngati anamuphunzitsa mawuwo. Anati ayi, anali asanaonane naye chichokereni, ndipo mtsikanayo ali ndi mutu wake, kungoti ine sindinaumvepo.

Lamulungu abusa kunalibe. Ndinawerenga mawu monga mwa masiku onse. Itakwana nthawi ya zilengezo, mlembi atatha za maliro ndi za kukonza denga, ndinaimanso. Ndinatulutsa kabuku n'kukakweza m'mwamba. Ndinanena za matenda, za mchere, za uthenga umene ndinaudula. Ndinati aliyense amene ananena kapena kumva choipa cha mkamwana wanga adziwe kuti ndi bodza, ndipo bodzalo linayambira pakhomo panga, osati pamjigo. Sindinatalikitse. Kumbali ya amayi ena anawerama. Mlamu analira, ngakhale iye sanalakwe. Titatuluka, mnzanga wina amene tinakulira limodzi anandikokera pambali n'kundifunsa ngati mapiritsi anga ndi oyera aang'onoang'ono aja, chifukwa iye akumwa omwewo chaka chachitatu.

Madzulo ake ndinaimbira mwana wanga, Amayi ali pomwepo. Ndinamuuza zonse. Kenako anati iye anali atamuimbira kale mkazi wake n'kumunenera mawu oipa. Amayi anatambasula dzanja, ndinawapatsa foniyo, anatsimphina nayo mpaka kuseri kwa khola. Anakhalako nthawi yaitali. Zimene anamuuza sindikudziwa, ndipo sindinafunse.

Zimene ndinkaopa zinachitika ndithu. Sabata yomweyo mwana wa mlamu anandilanda khasu m'munda wa mtedza. Pa mlandu wa malire a dimba, nditaima, wina anandikokera mpando. Chaka chotsatira akulu a mpingo anasankha mphunzitsi wina wachinyamata kuti aziwerenga mawu, akuti ine ndipumule. Amawerenga mothamanga, ndipo mayina a m'Chipangano Chakale amawameza. Sindinadandaule kwa munthu.

Koma nditalengeza m'tchalitchi muja, mkamwana sanabwere. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Ndinatuma uthenga ku Champhira wonena kuti zimene anapempha zachitika, ndipo ulendo uno ndinaunena wonse. Yankho linali lakuti amva. Ndinapita kwa Amayi kukawapempha kuti tipitenso. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anakana. Anati ine ndanena zanga, tsopano ndidikire. Anati mtsikanayo wanyozedwa ndi mudzi, wafunsidwa ndi bambo ake, watukwanidwa ndi mwamuna wake, ndiye sangadzuke n'kunyamula thumba chifukwa choti ine ndakonzeka. Ndinafunsa ngati abwera n'komwe. Anati sakudziwa, ndipo akakana kubwera palibe angamuimbe mlandu. Anandipatsa lichero kuti ndiwathandize nyembazo. Ndinasankha nawo mpaka zinatha.

Masiku amenewo ndinkadya kwa mlamu. Adzukulu ankabwera kudzandipatsa moni m'mawa, wamkuluyo osandiyang'ana kumaso. Anali wamkulu ndithu woti n'kumva zimene anthu ankanena za amayi ake, ndi zimene ine ndinanena m'tchalitchi.

Anabwera Lachinayi la sabata yachitatu, masana, mchimwene wake atamunyamulira thumba. Ine ndinali kukhola. Nditawaona pamsewu ndinazungulira kuseri kuti asavutike kugwada ndi katundu. Ana anathamanga kukamuchingamira. M'mawa mwake anali kale m'munda akukumba mtedza umene unatsala.

Mwana wanga mpaka lero sanabwere. Amaimba, ndipo ndimamva kuti amalankhulana, koma za m'nyumba mwawo sindizidziwa. Amayi anavomera kuti mawu a pakhomo pano azidutsa mwa iwo, ndipo bondo likawalola amabwera kamodzi pamwezi. Ulendo wawo woyamba anakhala kwa mkamwana mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikudikira pakhonde. Atatuluka anandiuza kuti uthenga ulipo, wa zinthu ziwiri. Choyamba, mapiritsi ndizimwa m'mawa uliwonse, osati ndikakumbukira. Chachiwiri, nkhokwe yake inayamba kudontha mkazi wanga atangomwalira, chimanga chaola zaka ziwiri, ndipo analibe womuuza.

Udzu ndinamweta ndekha. Ndinafolera sabata yomweyo.